Anti a Mopu ndi Mwana Wosalankhula

Asanakhale mlangizi, mayiwa anakolopa pachipatala chaching'ono chija zaka khumi ndi zinayi. N'chifukwa chake ngakhale atapatsidwa chipinda chawochawo, dzina loti Anti a Mopu silinawachoke. Ana ndiwo analiyambitsa, anamwino n'kulitola, ndipo mapeto ake eniakewo akamayankha foni ankati, "Ee, ndine Anti a Mopu, lankhulani." Sankakwiya nalo. Ankati mopuwo ndi umene unawaphunzitsa kumvetsera, poti munthu wokolopa anthu samuwerengera. Amalira pamaso pake, amakangana pamaso pake, amaulula zimene abisira dokotala, ngati kuti ayima pafupi ndi khoma.

Sukulu anasiyira fomu 2, mayi awo atadwala. Anakwatiwa ndi dalaivala wa malole amene tsiku lina anapita ulendo wake wa masiku onse koma osabwerera, ndipo patapita chaka anamva kuti ali moyo, ali ndi banja lina. Analera okha ana awiri aamuna mpaka onse anakula n'kuchoka pakhomo. Pa zaka zonsezo, akukoka ndowa m'makonde a chipatala, ankaona ana ena akubwera mwezi ndi mwezi ndi matenda osaoneka: mutu wosapola, m'mimba mopotokola, mwana wamkulu ndithu kumakodza pogona. Dokotala ankapima, osapeza kanthu, n'kulemba panado. Mayi a mwanayo akapita pawindo la mankhwala, Anti a Mopu ankatsamiritsa mopu pakhoma, n'kunjuta pafupi ndi mwanayo.

"Kunyumba kuli bwino, amwene?" ankafunsa chapansipansi. Ndipo nthawi zambiri kunyumbako sikunali bwino.

A Sisita, namwino wamkulu wa pachipatalapo, ankaziona zimenezi. Ndiye bungwe lina litabwera kudzafuna anthu oti aphunzitsidwe kuthandiza ana ndi mabanja ovutika maganizo, iwo analembetsa dzina la wokolopa wawo.

"Ine, a Sisita? Chingerezi changa n'cha pabotolo la mankhwala okolopera."

"Pitani basi. Madigiri alipo ambiri, koma makutu ndi amene akusowa."

Anaphunzira masabata asanu ndi limodzi. Anaphunzitsidwa kusathamangira kulangiza, kusalonjeza zimene sangathe, ndi kudziwa mwana amene ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Atabwerako anapatsidwa chipinda chimene munkasungidwa mabedi othyoka. Windo lake linkayang'ana kukhoma la zimbudzi. Anaikamo tebulo, mipando iwiri, mkeka, mpira, chidole chopanda mkono umodzi ndi chitini cha makrayoni. Lachiwiri ndi Lachinayi ankakhala m'chipindamo, masiku enawo ankayendera mabanja wapansi. Anawauza kuti namwino wa matenda a maganizo azibwera mwezi uliwonse kudzawathandiza. Anabwera katatu chaka choyamba. Kenako galimoto inayamba kumawonongeka nthawi iliyonse tsiku lake likakwana.

Mtsikana wina anabwera chaka chachiwiri, Lachinayi m'mawa, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabwera naye bambo ake, mmisiri wowotcherera zitsulo, munthu wamtali wa manja a zipsera zokhazokha. Analowa atavula kapusi, n'kukhala kumphepete kwenikweni kwa mpando. Mwanayo sanayang'ane munthu aliyense. Anayenda molunjika mpaka patebulo, anagwada, n'kulowa pansi pake.

"Musiyeni, bambo," anatero Anti a Mopu ataona kuti mmisiriyo akufuna kumukoka. "Pansi pa tebulo palibe lendi."

Bambowo anafotokoza nkhani yonse akuyang'ana kapusi yawo. Miyezi isanu m'mbuyomo, mkazi wawo anapita kumsika n'kusiyira mtsikanayu mng'ono wake wa zaka ziwiri ali m'tulo. Mtsikanayo anatuluka kukatunga madzi pampopi wa kuseri kwa nyumba zinayi, anapeza mzere wautali, ndipo pobwera anapeza nyumba ikuyaka. Mpaka lero palibe akudziwa chimene chinayatsa. Mng'ono wake uja sanapulumuke. Mayi ake atafika, pakati pa anthu onse aja, anamugwira mtsikanayo m'mapewa n'kukuwa kuti, "Wamupha ndiwe!" Chichokereni tsiku limenelo mtsikanayo sanatulutsenso liwu. Mayiwo anapita kwawo maliro atatha, ndipo sanabwerere.

"Madokotala akuti lilime lili bwino, makutu ali bwino," anatero mmisiri. "Kumapemphero tapitako. Ndisakunamizeni, Anti, ndamukwapulapo kawiri. Ndimati mwina akalira mawu atuluka. Misozi inatuluka, koma mawu ayi."

Miyezi itatu yathunthu mwanayo ankathera pansi pa tebulo. Anti a Mopu ankakhala pamkeka chapafupi, n'kumajambula nyumba zopotoka ndi nkhuku zooneka ngati mabasi, akudzilankhulira okha. Mwezi wachinayi dzanja linatuluka pansi paja n'kutenga krayoni wakuda. Linapaka pepala lonse bii, kenako lina, kenako linanso. Patapita nthawi mwanayo anayamba kukhala pamkeka. Anayamba kumanga chidole chija kumsana. Bambo akenso ankaphunzira zawo: anasiya kumufunsa kuti alankhula liti, anayamba kumukhazika pafupi akamadya, anaphunzira kudziwa tsiku limene mwana wadzuka bwino ndi limene wadzuka atalemedwa. Chaka chitatha mwanayo anabwerera kusukulu, kumakhala kumbuyo, kumalemba koma osayankha.

Ndipo tsiku lina kukutentha, atangofika kuchokera kusukulu, mwanayo anayang'ana botolo limene linali pawindo n'kunena chapansipansi, mawu ake osasa ngati chitseko chosatsegulidwa nthawi yaitali, "Madzi."

Anti a Mopu anatenga botolo lija. Anakumbukira zimene anaphunzitsidwa, kuti asachite phokoso. Anathira madzi m'kapu, anamupatsa, n'kupitiriza kujambula nkhuku. Bambo ake anali atatuluka kukayankha foni. Atauzidwa anakhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope ndi kapusi. Koma liwu lachiwiri silinabwere, mwezi umenewo kapena wotsatira.

Chaka chachinayi cha ntchitoyi kunabwera kalata yoti bungwe lija litumiza anthu kudzaunika ngati thandizoli likupinduliradi ana ndi mabanja awo. A Sisita anati asade nkhawa, n'zachizolowezi. Komabe Anti a Mopu anachapa makatani, anasita diresi lawo labuluu, ndipo anasonkhanitsa mahadikava onse asanu mmene ankalembamo za mwana aliyense.

Amene anabwera anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, wovala khadi pakhosi, wonyamula chifoni chachikulu ngati buku. Anali waulemu, anakana mpando wabwino n'kukhala wogwedera uja. Anafotokoza ntchito yake momveka. Banja lililonse pamene linkayamba linayankha mafunso pafomu. Tsopano afunsidwanso mafunso omwewo, ndipo mayankho akale ndi atsopano akayerekezeredwa. Ngati mavuto achepa, ndiye kuti thandizo lagwira ntchito.

"Mafomu oyambirira aja alipo, Mayi?"

Analipo, koma osati onse. Denga linadontha chaka china, ndipo katoni imodzi inasanduka phala. Mwa mabanja zana ndi makumi anayi amene anadutsa m'chipindamo, mafomu owerengeka anatsala a mabanja makumi asanu ndi atatu. Kwa masiku angapo awiriwa anayenda khomo ndi khomo. Ena anali atasamuka, poti anthu a lendi sakhalitsa. Mafoni ambiri anali ozima. Mayi wina anawabweza pageti, amvekere mwamuna wake sadziwa zoti mwana ankapita "kwa amisala". Pofika Lachitatu madzulo anali atapeza mabanja makumi atatu ndi limodzi.

"Nanga mahadikavawa?" anafunsa Anti a Mopu. "Zonse zili umu. Tsiku lililonse."

Mtsikana wa mafunso anatsegula limodzi, anawerenga masamba atatu, n'kulitseka bwinobwino. "Mumalemba bwino, Mayi. Koma izi sindinatumidwe. Makina awa salandira nkhani."

Lachinayi mmisiri anabwera ndi mwana wake monga mwa masiku onse, atavala malaya oyera chifukwa anamva kuti kuli alendo. Mtsikana wa mafunso anayamba ndi bambowo.

"M'masabata awiri apitawa, mwana wanu waoneka wachisoni kangati? Musankhe: palibe, nthawi zina, kawirikawiri, nthawi zonse."

Mmisiri anaganiza kaye. "Kawirikawiri. Makamaka Lamlungu, anzake akamadutsa ndi amayi awo. Amakhala pakhomo n'kumafinya chala chachikuluchi. Akatero ndimadziwa."

"Amavutika kugona?"

"Ee, kawirikawiri. Amadzidzimuka. Masiku ano ndimasiya chitseko chapakati chotsegula kuti ndizimumva."

"Amaopa zinthu zimene ana ena saopa?"

"Fungo la utsi. Ngakhale wina akungowotcha zinyalala kutali, ndimaona mapewa akewa akukwera."

Anti a Mopu anamvetsera mtima uli m'malo. Bambo ameneyu, amene zaka ziwiri zapitazo ankangodziwa kuti mwana salankhula basi, lero ankamuwerenga mwana wake ngati nyuzipepala. Koma anaona kuti nkhope ya mtsikana wa mafunso sikusangalala. Ankayang'ana pafomu yakale, n'kuyang'ana pachifoni.

Kenako inafika mbali yoti mwana ayankhe yekha. Anti a Mopu anapempha kuti mbali imeneyo ailumphe, koma makinawo sankalola kupita patsogolo popanda kuyesa. Mlendoyo anachita zonse mofatsa. Anagwada, anaonetsa mwanayo zithunzi za nkhope zisanu, kuyambira yoseka mpaka yolira, n'kunena kuti angoloza basi.

"Ukaganiza za banja lako, umamva ngati nkhope iti?"

Mwanayo anayang'ana nkhope zija. Anayang'ana Anti a Mopu. Kenako anamasula chidole kumsana, anachiika pamkeka, n'kukwawira pansi pa tebulo, kumene anali asanalowenso kwa chaka ndi miyezi. Anali atakula tsopano, miyendo inatsalira kunja.

Mtsikana wa mafunso anadina pamene panalembedwa kuti mwana sanayankhe.

Bambo ndi mwana atapita, awiriwa anatsala m'chipindamo. Mlendoyo anatembenuza fomu yakale kuti Anti a Mopu aione. Pa tsiku loyamba lija, mmisiri anayankha kuti "palibe" pafupifupi pa funso lililonse. Chisoni, palibe. Kuvutika kugona, palibe. Mantha, palibe.

"Nthawi imeneyo sankadziwa," anatero Anti a Mopu. "Sankamuona mwanayu. Ankangodikira pakamwa."

"Ndikudziwa, Mayi. Ndaona ndi maso angawa. Koma manambala akuonetsa kuti mwanayu wafika poipa kuposa mmene anabwerera."

"Analankhulapo. Anati madzi."

"Alipo wina anamva?"

"Ndinali ndekha."

Mtsikanayo anati kumapeto kwa fomu kuli kabokosi ka ndemanga, kolowa mizere itatu, ndipo alembamo zimenezo. Analembadi, anawawerengera. Kenako anazimitsa chifoni chija n'kuchiika m'chikwama.

"Ili si funso la pafomu, Mayi. Inuyo mumtima mwanu, mukuona kuti zikuthandiza?"

Anti a Mopu anafuna kunena kuti ee, koma anaganizanso. Anakumbukira mnyamata amene anasiya kukodza pogona atabwera kasanu, koma nthawi yomweyo n'kuti bambo ake omupeza atamangidwa, ndiye chinamuchiritsa n'chiyani? Anakumbukira mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene anamulembera kalata katatu yopita ku chipatala chachikulu, katatu konse n'kubwezedwa kuti dokotala kulibe, ndipo pano amangoyendayenda kumsika akulankhula yekha. Anakumbukira miyendo ija itatsalira kunja kwa tebulo.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero pomaliza. "Tsiku lina ndimati ee. Tsiku lina ndimati mwina ana amenewa akanachira okha, ndipo osachirawo sakanachira ngakhale pakanakhala dokotala weniweni. Ndimangodziwa kuti akabwera amandipeza."

"Inenso sindidziwa," anatero mlendoyo. "Malipoti sindilemba ndine. Ndimangotumiza."

Patapita miyezi inayi a Sisita anawaitanira mu ofesi. Lipoti linali patebulo, lonenepa, la chikuto chonyezimira. A Sisita anavala magalasi n'kumasulira ndime imodzi yokha. Silinanene kuti thandizolo silinagwire ntchito. Linati palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti linagwira, poti mabanja opezeka anali ochepa ndipo mayankho anali osakanikirana. Choncho bungwe lasankha kuyesa njira ina, yoti anthu aziimba foni n'kulankhula ndi alangizi a mumzinda waukulu. Zipinda ngati chawocho zitsekedwa kumapeto kwa mwezi.

"Foni," anatero Anti a Mopu. "Mwana wosalankhula aimbe foni."

"Ndawauza zomwezo. Ndalemba makalata awiri." A Sisita anavula magalasi n'kutikita maso. "Ntchito yanu yakale ija ilipo, amene analowa m'malo mwanu akupuma pa ntchito mwezi uno. Ndi chokhacho chimene chili m'manja mwanga."

Mabanja onse anawauza okha, limodzi ndi limodzi. Kwa mmisiri anapita komalizira. Malo ake ogwirira ntchito anali kashedi ka malata m'mphepete mwa msewu, kodzaza mageti osapenta ndi mafelemu a mawindo. Mwana uja anali atakhala patayala, atavala yunifolomu, akulemba homuweki pamaondo. Mmisiri anazimitsa makina, anakweza magalasi akuda pamphumi, namvetsera mpaka mapeto.

"Ndiye kuti ndinayankha molakwa?"

"Ayi, bambo. Munanena zoona."

"Mukanandinong'oneza, Anti. Ndikanati palibe, palibe, palibe, ngati poyamba paja. Kunama sikundivuta ine, ndimauza makasitomala tsiku lililonse kuti geti litha mawa."

Anayesa kuseka onse awiri, koma sizinatheke. Mwanayo anali atasiya kulemba. Sanadzutse mutu, koma pensulo inali itaima.

Lachinayi loyamba la mwezi wotsatira, Anti a Mopu akukolopa khonde la odwala akunja, anawaona awiriwo atakhala pabenchi. Mmisiri anati sakudziwa kwina koti apite naye. Anti a Mopu anamaliza khondelo, anakhala pambali pa mwanayo mphindi khumi, anamujambulira nkhuku kuseri kwa kapepala ka mankhwala. Zinatero masabata atatu. Sabata yachinayi a Sisita anasamutsidwira kwina, ndipo amene analowa m'malo mwawo, munthu wosaipa mtima koma wotsata malamulo, anawaitana Anti a Mopu pambali. Anati benchi ndi ya odwala amene ali pamzere, ndipo wokolopa akapereka uphungu kenako china chake n'kuchitika, mlandu ugwera chipatala. Anti a Mopu anavomera, poti zinali zoona.

Anagwirizana ndi mmisiri kuti azipita okha kushedi kuja Loweruka masana akaweruka. Anapitako kawiri. Phokoso la makina silinkalola kanthu, ndipo mwanayo ankangokhala patayala paja, osayang'ana mapepala amene ankamubweretsera. Kenako mwana wamng'ono wa Anti a Mopu anagonekedwa m'chipatala atachita ngozi ya njinga yamoto, ndipo masabata asanu anathera kumeneko.

Atabwerera anapeza mashedi onse a m'mphepete mwa msewu atagwetsedwa, akuti akukulitsa msewu. Pamene panali shedi ya mmisiri panali mulu wa dothi lofiira. Anaimba foni yake, inali yozima. Anatsata njira yopita kunyumba imene mmisiriyo ankachita lendi, nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo, n'kupeza makatani achilendo pawindo. Mayi wina woyandikana nawo anali akuyanika zovala.

"Amisiri aja? Anasamuka, patha masabata awiri. Akuti mchimwene wawo wawapezera ntchito kufakitale ina kutali uko."

"Kuti kwenikweni?"

"Aa, sanatchule. Mwina anatchula koma ine mutu wangawu. Ananyamuka Lamlungu m'mawa pa lole."

"Nanga mwana uja, anali bwanji?"

"Anali bwino. Anakhala pamwamba pa matiresi, atagwira ketulo."

Anti a Mopu anazengereza pang'ono. "Sananene kanthu? Potsanzika, kapena..."

Mayiyo anawayang'ana modabwa, chovala chonyowa chili m'manja. "Mwana uja salankhulatu, amayi. Simumamudziwa?"

"Ndimamudziwa."

Anasiya nambala yawo ya foni papepala, kuti mwina amisiriwo akadzabwera kudzaona anzawo awapatse. Mayiyo anailandira ndi zala zonyowa n'kuiika pawindo, anaitsendereza ndi mwala. Anti a Mopu anathokoza, natsika kanjira kodutsa kuchigayo. Pamsewu waukulu anaima nthawi yaitali, poti magalimoto okumba anali atatseka powolokera, ndipo munthu wa mbendera yofiira ankangowauza anthu onse kuti adikire.